Mafuta a chamba aziyezedwa asanafike kwa odwala

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za mafuta a CBD, chinthu chopezeka m'chamba, amene akutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp ngati mankhwala a ululu uliwonse.

Mayi anga ali ndi nyamakazi. Kukazizira m'mawa zala zawo zimauma moti amalephera kumanga chitenje. Timawathowa ndi madzi ofunda, timawaphikira tiyi wa jinja, ndipo zitsamba ine ndimazilemekeza. Koma posachedwa munthu wina anawagulitsa kabotolo ka mafutawa kosalembedwa kalikonse, n'kuwauza kuti asiye mapiritsi akuchipatala. Zimenezi zinandiwawa kwambiri.

N'zoona kuti mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, komanso CBD saledzeretsa monga THC, chinthu china cha m'chamba momwemo. Komabe mankhwala a CBD amene dziko la America linavomereza mu 2018 ndi a mitundu ina ya khunyu, osati nyamakazi. CBD amadutsa m'chiwindi, ndipo amatha kusokoneza mankhwala ena monga warfarin, uja amamwa anthu kuti magazi asaundane.

Ndikupempha a bungwe loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority ndi a bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA kuti mafutawa aziyezedwa, ogulitsa azikhala ndi chiphaso, ndipo pabotolo pazilembedwa m'Chichewa zomwe zilimo ndi mlingo wake.

Wowerenga wanu,
Mponela, Dowa