Kodi kuvomera chisamaliro chochepetsa ululu n'kuwataya mayi anga?

Alangizi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Lilongwe, mayi wa ana atatu, ndiponso woyamba kubadwa m'banja lathu. Ndikupempha nzeru pa matenda a mayi anga, amene atigawanitsa pachibale moti aliyense akukokera kwake pamene mwini wake ali gone pamphasa kumudzi kwathu ku Salima.

Mayi anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero itafika kale patali. Anakhala nthawi yaitali akutaya magazi osauza munthu, pakuti amayi a msinkhu wawo sakambirana nkhani zotere ndi ana awo. Kuchipatala, adokotala anatiitanira pambali ine ndi mng'ono wanga n'kutiuza kuti matendawo afalikira ku ziwalo zina, opaleshoni singathandizenso, ndipo chimene chatsala n'kuwachepetsera ululu kuti masiku awo otsala akhale opepuka. Anatitumiza kwa anamwino osamalira odwala matenda osachiritsika.

Poyamba ndinaganiza kuti iyi ndi njira yaulemu yotithamangitsira m'wodi kuti bedi lipeze wina. Namwino amene anatilandira ndiye anandimasulira, ndipo anatenga nthawi. Anati ntchitoyi inakhazikika ku London mu 1967, pamene Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ataona kuti munthu amene akuyandikira imfa samva kupweteka m'thupi mokha, komanso mumtima, pachibale ndi mumzimu. Kumeneko odwala ena amagonekedwa m'nyumba zapadera, koma kuno kwathu ambiri amasamalidwa pakhomo pawo ndi achibale, anamwino n'kumapereka mankhwala ndi kuphunzitsa gadiyani. Pa malo ochita ntchitoyi kuno kwathu, anatchula Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komanso Ndi Moyo kwathu komweko ku Salima, yomwe inayambitsidwa ndi namwino Lucy Finch. Anatiphunzitsa kuwatembenuza mayi pakatha maola awiri alionse kuti asachite zilonda zogonera, kuwatsuka m'kamwa, ndi kuwamwetsa mofini wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, maola anayi alionse osadikira kuti ululu uyambe wawagwira.

Kusintha kwake ndakuona ndi maso anga. Munthu amene ankabuula usiku wonse mpaka oyandikana nawo nyumba kumabwera kudzafunsa, tsopano amagona tulo, amamwa phala pang'ono, ndipo masiku ena amapempha kuti tiwatulutsire pakhonde akaone adzukulu akusewera. Kudzimbidwa kumene mankhwalawa amabweretsa tinachenjezedwa, ndipo tinapatsidwa mankhwala ake. Komabe abale anga sakuona zimenezi. Amayi aang'ono amati mofini ndi mankhwala otsiriza amene achipatala amapereka pofuna kuti munthu apite msanga, ndipo ndikachokapo amabisa botolo, mayi n'kubwereranso m'ululu uja. Ndawauza zimene namwino ananena, kuti mankhwalawa akamwedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo, koma iwo amati ine sukulu inandichotsa chisoni.

Amalume, omwe ndiwo mwini mbumba, akufuna tigulitse ng'ombe n'kuwatengera mayi kwa sing'anga wina wakutali, chifukwa amakhulupirira kuti matenda amene achipatala awalephera ali ndi dzanja la munthu. Mchimwene wanga wa ku Johannesburg, yemwe wakhala akutumiza ndalama mokhulupirika, akuti tifune chipatala cholipira, ndipo pafoni anandiuza kuti ndawaika mayi m'manda adakali ndi mpweya. Sindikuwaweruza, chifukwa ndikudziwa kuti onsewa akulankhula mwa chikondi, ndipo munthu amene ali kutali amafuna achitepo kanthu kuti mtima wake ukhale pansi. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anawanyamulapo mayi kupita nawo kuchimbudzi, kapena kumva mmene amakuwira galimoto ikagunda pa bampu. Ulendo umene akuukonzawo adzauvutikira ndi mayi, osati iwo.

Chimene chikundisowetsa mtendere koposa ndi chakuti mayi sitinawauze zoona. Akandifunsa kuti, "Kodi adokotala aja anati chiyani?" ndimayankha kuti, "Mukhala bwino, amayi, ingomwani mankhwala." Amandiyang'ana nthawi yaitali osayankha, ndipo ndikukhulupirira kuti akudziwa, koma akundisungira ulemu monga mmene ine ndikuwasungira. Posachedwapa ayamba kutchula za munda wawo wa kudambo kuti adzalime ndani, kufunsa ngati mchimwene wanga abwere chaka chino, komanso kunena kuti akufuna kuonana ndi alamu awo amene anasiyana nawo mawu kalekale. Namwino anati wodwala akafunsa yekha ali ndi ufulu womva zoona, pang'onopang'ono ndiponso pa mlingo umene iye akufuna, kuti akonze za pakhomo pake ndi kutsanzikana ndi anthu ake. Akuluakulu akwathu akuti kutchulira munthu imfa ali moyo n'kulaula, ndipo ndikawauza kenako n'kumwalira, mlandu udzakhala pa ine kuti ndinawapha ndi mantha. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzaimba ndi kupempherera machiritso ndimagwada nawo limodzi, koma mumtima ndimapempha china, kuti Mulungu asalole ululu uja ubwerenso. Usiku wina, nditatopa kwambiri, ndinafika popempha kuti angowapumitsa, ndipo pemphero limenelo sindinauzepo munthu mpaka lero.

Tchuthi changa chikutha, ndipo posachedwapa ndiyenera kubwerera ku ntchito, kusiya mayi m'manja mwa mng'ono wanga amene sangathe kutsutsana ndi amalume kapena amayi aang'ono.

Choncho ndithandizeni, Alangizi. Kodi ndingawauze bwanji amalume, popanda kuwanyoza pamaso pa mbumba yawo, kuti kukana ulendo wa kwa sing'anga si kutaya mlongo wawo? Kodi n'koyenera kupempha namwino uja kapena abusa kuti adzakhale nawo pa zokambirana za pabanja, kapena zimenezo zidzaoneka ngati ndaitana alendo kuti adzaweruze nkhani ya m'nyumba? Mchimwene wanga ndimuuze mosabisa kuti ndalama zimene akusungira chipatala cholipira akwerere basi abwere mayi adakali olankhula? Ndipo mayi akadzandifunsanso kuti adokotala anati chiyani, ndidzawayankhe kuti chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
Mphunzitsi, Lilongwe