Kalata ya Abusa: Bwezani Mafoni a Akazi Anu

Kwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu onse a m'milaga yathu kuno ku Kasungu.

Chisomo kwa inu ndi mtendere zochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Nkhani imene ndikulemberaniyi yandisowetsa tulo. Chitsegulireni msika wa fodya ku Chinkhoma, pamene ndalama zinalowa m'makomo ndipo mowa unalowa pambuyo pake, azaumoyo a m'dera lathu akhala akundidandaulira chinthu chimodzi: amayi amene ankatenga ma ARV mosaphonya ayamba kujomba. Akawaimbira pa nambala imene analembetsa, foni siipezeka. Ikapezeka, woyankha ndi bambo, mawu ali okalipa: "Ndinu ndani? Mukumufuniranji mkazi wanga?" Wazaumoyo sangaulule za wodwala, ndiye amangoti walakwitsa nambala n'kudula. Usiku womwewo mayi uja amagona nkhope itatupa. Maina sanandiuze, inenso sindinawafunse. Koma ananena mosabisa kuti ena mwa amayiwa amavala yunifomu ya Chigwirizano, ndipo amuna awo amadya nafe Mgonero.

Mwina ena simudziwa ntchito imene kafoni ka mabatani kamagwira pa moyo wa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Munthu akamayamba mankhwala, a chipatala amamupempha nambala, ngati iye walola. Masiku ano amene akupeza bwino amapatsidwa mankhwala a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi, choncho tsiku lobwerera limaiwalika mosavuta, makamaka nyengo ino manja ali ku nazale ndi kuminda. Likadutsa tsikulo, foni ndiyo imafika msanga kuposa njinga ya mlangizi. Ndi pa foni pomwe amamuitana kuti akayezetse kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, kapena kuti abwere ndi mwana. Ku Lilongwe, a chipatala cha Lighthouse amatumiza mauthenga okumbutsa tsiku, ndipo wodwala amayankha ngati afika kapena asinthe tsiku. Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo lero chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo: kuimba 54747 pa Airtel n'kwaulere, ndipo amakuyankha ndi wazaumoyo weniweni, m'Chichewa. Mayi wa pa esiteti, kumene ulendo wa kuchipatala umadya ndalama ya kabaza ndi tsiku lonse la ntchito, atha kufunsa ali pakhomo ngati chizungulire chake chili cha mankhwala kapena ayi.

Tsono iwe bambo, ukalanda foni imeneyo, walanda chiyani?

Ndilankhule nanu abambo, ndipo sindikuzungulira. Kulanda foni ya mkazi wako, kuthyola simukhadi yake, kumukakamiza akuwerengere uthenga uliwonse, kuyankha foni yake ngati mlonda wa ndende, zonsezi ndi nkhanza, ndipo ndi tchimo. Musandiuze kuti "ndinagula ndine". Chitenje wavalacho munagulanso ndinu. Kodi mumam'vula pamsika? Musandiuzenso kuti ndi nsanje ya chikondi. "Amuna inu, kondani akazi anu, monganso Khristu anakonda Eklesia, nadzipereka yekha m'malo mwake" (Aefeso 5:25). Inu mwadzipereka pati? Mkazi akubisa botolo la mankhwala m'thumba la ufa, akumwera kuseri kwa nkhokwe, akukulunga mapiritsi m'kansalu kuti asachite phokoso, chifukwa choopa mwamuna amene analumbira naye pamaso pa mpingo uno. Wina amasiya kabuku kake ka kuchipatala kwa mnzake, n'kumanama kuti akupita kuchigayo. Tsiku limene bodzalo lakanika, mankhwala sakatenga.

Ndipo mumadzipweteka nokha. Munthu akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tizilombo timachepa mpaka kusaoneka poyeza, ndipo sapatsira mwamuna wake. Akamadumphitsa, tizilombo timachulukanso, nthawi zina mpaka kusiya kumva mankhwalawo, ndipo khanda limene akuyamwitsa limakhala pa chiopsezo. Dziko lathu lino ndi limene linayamba, mu 2011, kupereka mankhwala a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo, ndipo ana ambirimbiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha njira imeneyo. Ena a iwo amaimba mu Sande Sukulu yathu. Kodi zimene Mulungu watichitirazi zigwe chifukwa cha ukali wa bambo mmodzi?

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti mayi ndiye amayamba kudziwa, chifukwa amayezedwa kusikelo, pamene bambo kuchipatala sapondako. Woyamba kuyezedwa ndiye amatchedwa wobweretsa matenda. Kafukufuku wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kachilombo mwa amayi 10.5 pa 100 alionse, ndi abambo 7.1 pa 100 alionse. Kafukufuku wina wa boma, wa 2015 ndi 2016, anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo. Tisadzinamize kuti ziwerengerozi zimathera pa chitseko cha tchalitchi. Bambo amene sunayezetse, ulibe pakamwa poweruzira mkazi wako. Pita ukayezetse. "Pakuti munthu sanadana nalo thupi lake ndi kale lonse, komatu alilera nalisunga" (Aefeso 5:29).

Ankhoswe ndi akulu a mpingo, mawu aja akuti "banja ndi kupirira" musawanenenso kwa mayi amene wabwera ndi bala. Mukam'bweza kunyumba opanda foni, opanda mankhwala, mwagwirizana ndi womumenyayo. Kuyambira lero, bambo aliyense amene nkhani yotere idzatsimikizika pa iye adzaitanidwa ku bwalo la mpingo, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi wakwaya, kaya amapereka chakhumi chochuluka bwanji. Dziwaninso kuti boma lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndipo khoti litha kupereka chiletso choteteza mayi. Mpingo sudzabisa munthu ku lamulo limenelo.

Inu amayi, ana anga mwa Ambuye, simunalakwe pofuna moyo. "Olimba safuna sing'anga ai, koma odwala" (Mateyu 9:12). Mukapita kukatenga mankhwala, auzeni a chipatala zoona: kuti foni yanu imagwiridwa ndi wina, kuti asatumize uthenga, kapena aimbe nthawi yakuti. Muli ndi ufulu wopereka nambala ya mchemwali wanu kapena mnzanu womudalira. Nambala izi zisungeni pamtima, osati m'foni mokha: 5600 ya nkhanza, 116 ya ana, 54747 ya zaumoyo. Mukaimba pa foni imene ena amaigwira, fufutani nambalayo mukamaliza. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomva madandaulo otere. Ndipo wina akagwiriridwa, kaya ndi mayi kaya ndi mtsikana, athamangire kuchipatala pasanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala oteteza ku kachilombo, amene amamwa masiku 28. Musadikire ankhoswe, musadikire amfumu, musadikire ine. Zokambirana zidzabwera pambuyo.

Tsopano chopempha. Bwalo la mpingo lagwirizana kuti mlaga uliwonse ukhale ndi foni imodzi, yosungidwa ndi amayi awiri a Chigwirizano amene amayi anzawo adzasankhe okha. Mayi wosowa poimbira adzaimbira pamenepo popanda kufunsidwa chifukwa, ndipo amene akufuna atha kulembetsa nambala imeneyo kuchipatala. Osankhidwawo akhale osunga pakamwa. Lamulo la HIV la mu 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu iye asanalole, ndipo amene adzatulutse nkhani ya mnzake adzachotsedwa pa udindowu tsiku lomwelo. Tikufuna mafoni a mabatani, masola ang'onoang'ono otchajira, ndi mayunitsi a mwezi ndi mwezi. "Nyamuliranani zothodwetsa, ndipo kotero mufitse chilamulo cha Khristu" (Agalatiya 6:2).

Ndikudziwa kuti ndalama zapita ku fetereza ndi mbewu. Komabe tidzakhala ndi chopereka chapadera Lamulungu loyandikana ndi pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira za Edzi, mkati mwa masiku 16 olimbana ndi nkhanza amene amayamba pa 25 Novembala n'kutha pa 10 Disembala. Amene muli ndi foni yakale yogwira ntchito imene ikungokhala m'sutikesi, ibweretseni pamodzi ndi tchaja chake. Amene muli kutali, ku Lilongwe kapena ku Joni, tumizani kudzera kwa msungichuma wa mlaga wanu, ndipo alembe m'buku. Amayi a Chigwirizano apereke maina a osankhidwa kwa mlembi wa mpingo pofika Lachinayi la sabata yamawa. Abambo nonse mutsalire tikaweruka Lamulungu likudzali. Ndaitana wazaumoyo kuti adzalankhule nafe, ndipo adzabwera ndi zoyezera magazi. Ine ndidzakhala woyamba pamzere.

Kalatayi iwerengedwe m'milaga yonse, osadumpha ndime.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.