Ogulitsa zipangizo auze anthu zoona pa nkhani ya masikirini awiri pa laputopu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjeze anzanga amene amagwirira ntchito pa laputopu ndipo akufuna kulumikizako masikirini awiri kapena atatu, makamaka owerengera ndalama, okonza zithunzi ndi mavidiyo, ndi alembi amene amakhalira kulowetsa manambala m'kompyuta tsiku lonse. Ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a mu ofesi, ndipo zimandipweteka kuona anthu akutaya ndalama zimene azipeza movutikira pogula kabokosi kotchedwa HDMI splitter, atauzidwa m'sitolo kuti kawapatsa masikirini awiri oonetsa zinthu zosiyana. Kabokosiko sikanapangidwire ntchito imeneyo. Kamangotenga chithunzi chimodzi chotuluka pa bowo la HDMI n'kuchitumiza chimodzimodzi ku masikirini onse, moti n'kothandiza m'tchalitchi kapena mu holo kumene anthu ambiri akufunika kuona chinthu chimodzi, koma kwa munthu wofuna kutsegula Excel mbali ino ndi kalata ya kasitomala mbali inayo, kalibe phindu lililonse.

Chimene chimalamula kuchuluka kwa masikirini amene laputopu ingayendetse ndi kachipangizo kopanga zithunzi kamene kali m'kati mwake, pamodzi ndi mabowo amene kampani yopanga inaika m'mbali mwa makinawo. Chingwe chimangonyamula zimene zatuluka kale. Ambiri a ife timagula malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja, choncho msinkhu wa makina ndi wofunika kuudziwa. Zipangizo za Intel zimene zinatuluka chisanafike chaka cha 2012 zimayendetsa masikirini awiri okha nthawi imodzi, ndipo m'badwo wachitatu wa mapurosesa a Core, umene unatuluka mu 2012, ndi umene unayamba kulola atatu. Pa chiwerengerochi, sikirini ya laputopu yeniyeniyo imawerengedwanso. Izi zikutanthauza kuti mwini makina akale amene walumikiza masikirini awiri akunja angaone sikirini ya laputopu yake ikuthima n'kuganiza kuti yaonongeka, pamene makinawo angofika pa malire ake.

Kawirikawiri njira yotsika mtengo imakhala kale m'manja mwa munthu. Malaputopu ambiri a muofesi monga Dell Latitude, HP ProBook ndi Lenovo ThinkPad a zaka za m'ma 2010 ali ndi mabowo awiri otulutsira zithunzi, lina la VGA ndi lina la HDMI kapena DisplayPort. Wokhala ndi makina otere sakufunika kabokosi kalikonse, koma zingwe ziwiri basi, china ku sikirini yoyamba, china ku yachiwiri. VGA ndi bowo lija la timayenje 15, limene mutu wa chingwe chake nthawi zambiri umakhala wabuluu. Kampani ya IBM inalibweretsa mu 1987, ndipo ngakhale silinyamula mawu komanso zilembo zake sizioneka bwino kwambiri pa sikirini yaikulu, likukwanabe pa ntchito ya makalata ndi manambala. M'maofesi ambiri muli masikirini akale a VGA amene angounjikidwa m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo ndimaona kuti n'chinthu chanzeru kuwapukuta fumbi n'kuwagwiritsa ntchito munthu asanapemphe ndalama zogulira atsopano. Ngati laputopu ili ndi HDMI yokha, pamafunika adaputa yosintha HDMI kupita ku VGA, koma wogula afunse bwino, chifukwa adaputa yotereyi imagwira ntchito mbali imodzi yokha, ndipo yochokera ku VGA kupita ku HDMI ndi chipangizo china.

Chisokonezo chachikulu masiku ano chili pa bowo laling'ono la USB-C, limene linatuluka mu 2014. Mabowo onse a mtundu umenewu amaoneka chimodzimodzi, koma ntchito zake ndi zosiyana. Ena amangonyamula mafayilo, ena amatchajanso batire, ndipo ena okha ndi amene amatulutsa zithunzi kudzera m'njira yotchedwa DisplayPort Alt Mode. Munthu akagula adaputa ya USB-C yokhala ndi HDMI n'kuilowetsa pa bowo losatulutsa zithunzi, sikirini imangokhala yakuda, ndipo amabwerera kusitolo kukakangana ndi wogulitsa pa chinthu chimene chilibe vuto. Pafupi ndi bowolo nthawi zina pamakhala kachizindikiro: kamphezi kamasonyeza Thunderbolt, mtundu wa bowo laliwiro limene limatulutsanso zithunzi, pamene chilembo chooneka ngati D chimasonyeza DisplayPort. Popeza makampani ena saika zizindikirozi, chotsimikizika ndi kutembenuza laputopu, kuwerenga nambala ya mtundu wake, ndi kukaona pa intaneti zimene kampani yopanga inalemba za mabowo ake. Amene ali ndi Thunderbolt 4, imene Intel inatulutsa mu 2020, ali pabwino, chifukwa lamulo la Intel ndi lakuti bowo lotere lizitha kuyendetsa masikirini awiri a timadontho tambiri otchedwa 4K. Chingwe nachonso chisankhidwe mosamala, pakuti zingwe zambiri za USB-C zogulitsidwa pamodzi ndi matchaja a foni sizinyamula zithunzi.

Eni makina a Apple ndiwo ndawaona akulumwa kwambiri, popeza katundu wawo ndi wodula ndipo amayembekezera kuti achita chilichonse. MacBook Air yokhala ndi purosesa ya M1 ya mu 2020 imayendetsa sikirini imodzi yokha yakunja, chimodzimodzinso ya M2 ya mu 2022. Ya M3 ya mu 2024 imalola awiri, koma pokhapokha chivundikiro cha laputopu chitatsekedwa. Palinso nkhani ya njira yotchedwa MST, imene inabwera ndi DisplayPort 1.2, yomwe imalola bowo limodzi kutumiza zithunzi zosiyana ku masikirini angapo. Ma dock ambiri otsika mtengo, mabokosi aja okhala ndi mabowo angapo amene amalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe chimodzi, amadalira njira imeneyi, ndipo pa Windows amagwira bwino ntchito, koma macOS, pulogalamu yoyendetsa makina a Apple, sailandira motero, ndiye masikirini onse awiri amaonetsa chinthu chimodzi. Dock yomweyo imene yamuthandiza mnzanu wa HP ikhoza kukukhumudwitsani inu a MacBook, ndipo wogulitsa wosafunsa mtundu wa makina anu sangakuchenjezeni.

Kwa amene makina awo afika pa malire, ilipo njira ya DisplayLink, imene imatumiza zithunzi kudzera pa USB wamba mothandizidwa ndi pulogalamu yofunika kuika pa kompyuta. Imathandiza ndithu pa makalata, maimelo ndi manambala, koma imalemetsa purosesa, ndipo wokonza mavidiyo angaone zithunzi zikuchedwa. Amene laputopu yawo ndi ya kuntchito ayambe afunsa woyang'anira makompyuta, chifukwa maofesi ambiri salola wantchito kuika mapulogalamu payekha.

Sindiona chifukwa choti munthu wolemba makalata athamangire sikirini ya 4K. Sikirini yotere ili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi timadontho ta sikirini ya 1920 ndi 1080, ndipo bowo la HDMI 1.4, limene lili pa malaputopu ambiri akale, limatha kuisinthira chithunzi ka 30 kokha pa sekondi, moti kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha. HDMI 2.0 ya mu 2013 ndi imene imafikitsa ka 60. Masikirini awiri wamba a mainchesi 22 kapena 24 amamuthandiza munthu kuposa imodzi yodula imene makina ake akulephera kuinyamula.

Zonse zikalumikizidwa bwino, patsala chinthu chaching'ono chimene chimabwezetsa katundu wabwino kusitolo. Pa Windows, munthu adine batani la Windows pamodzi ndi chilembo P, kenako asankhe Extend, chifukwa akasiya pa Duplicate masikirini onse azionetsa zofanana. Akatero alowe mu Display settings, adine Identify kuti aone nambala ya sikirini iliyonse, n'kukoka timabokosi tooneka pamenepo kuti tifanane ndi m'mene masikiriniwo akhalira pa tebulo, apo ayi mausi izituluka kumanzere pamene iye akuikankhira kumanja. Wofuna kugwira ntchito laputopu ili chitsekere asinthe zoikamo za magetsi kuti isagone chivundikiro chikatsekedwa, ndipo aiike pamalo podutsa mpweya, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala.

Kuno kwathu nkhani ya magetsi siyosiyidwa. Laputopu ili ndi batire, koma masikirini akunja alibe, choncho magetsi akathima zonse zimene zinali pa masikiriniwo zimaunjikana pa sikirini yaing'ono ya laputopu. Sikirini ya mainchesi 24 imadya mawati pafupifupi 20 mpaka 30, ndiye awiri akhoza kudya mphamvu yofanana ndi ya laputopu yeniyeniyo, chinthu chimene wodalira sola kapena inivita yaing'ono ayenera kuwerengera asanagule. Ndikulangizanso kugula chotetezera zipangizo ku magetsi obwera mwamphamvu, popeza nthawi imene magetsi akuyakanso ndi imene zipangizo zambiri zimapsa.

Pempho langa lalikulu likupita kwa eni masitolo a zipangizo za makompyuta ku Limbe, ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi m'matauni ena. Aphunzitseni anyamata ndi atsikana amene mwawaika pa kauntala kuti azifunsa kasitomala mtundu wa laputopu yake ndi ntchito imene akufuna kugwira asanamutulutsire chilichonse, ndipo m'sitolo muzikhala masikirini awiri oyesera. Kumuuza munthu kuti splitter imupatsa masikirini awiri osiyana ndi kumunamiza, kaya wonenayo akudziwa kaya sakudziwa, ndipo wonamizidwa motere ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Ogula nawonso azinyamula laputopu yawo popita kusitolo, aone ndi maso awo masikirini onse awiri akuonetsa zinthu zosiyana asanapereke ndalama, ndipo atenge risiti yolembedwa dzina ndi mtundu wa chipangizo chimene agula.

Ine wanu,
Wosamalira makompyuta,
Lilongwe