Tisamangoti ndi mano

Akonzi,

Mwana wanga wa miyezi 7 atayamba kutsegula m'mimba, apongozi anga anangoti, "Ndi mano amenewo, musiyeni." Ndinawamvera, poti ndi akulu. Pofika tsiku lachitatu liwombo linali litalowa, bere akulikana. Kuchipatala anamupatsa Thanzi ORS ndi zinki, ndipo anamwino anandikalipira, sindingawadandaule.

Mano akamamera mwana amachucha dovu, usinini umamuyabwa, amaluma chilichonse. Koma ndi pamsinkhu womwewo pamene amayamba kukwawa n'kumatola zapansi: chitsononkho, zitosi za nkhuku, zonse ulendo wa kukamwa. Kutsegulako nthawi zambiri kumachokera kumeneko. Thupi likatentha kwambiri, thamangani mukamuyezetse malungo.

Inu alangizi a zaumoyo, tsiku la sikelo muziitanako ndi agogo omwe. Kunyumba kuno ogamula ndi iwowo.

Mayi wa ana awiri,
Ndirande