Fodya saondetsa, funsani ife matelala amene timakuyezani m'chiuno

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzipepala yathuyi ndiyankhuleko za fodya ndi thupi la munthu, nkhaniyi yandikhala pakhosi masabata atatu tsopano. Ine si dokotala ayi, ndine telala, ndili ndi mashini anga pa khonde kuno ku Ndirande zaka zoposa 20, ndipo tsiku ndi tsiku ntchito yanga ndi kuzunguliza tepi m'chiuno mwa anthu. Komanso ndinasutapo zaka 17, ndinasiya mu 2016, ndiye sindikulankhula zongomva.

Chimene chandilembetsa ndi mwana wa mchemwali wanga, ali ku koleji, anabwera kuti ndimusokere diresi ya uperekezi pa ukwati wa mnzake. Ndamuyeza bwinobwino, iye akuti amalume muchotsepo mainchesi awiri m'chiunomo. Ndati nanga uvala bwanji, uzipuma ndi makutu? Akuti musadandaule pofika tsikulo ndikhala nditaonda. Kufunsitsa, ndiye kundiuza akuseka kuti azinzake ku hositelo amati ukasuta ndudu imodzi nthawi ya lanchi njala imabalalika, figa imabwera yokha, palibe za jimu. Aaa ine phazi linachoka pa mashini.

Poyamba ndivomereze, chifukwa ana a masiku ano ukawanamiza kamodzi basi sakumveranso. Zoona fodya amathetsa njala. Nikotini amene ali mu fodya akafika ku ubongo amakhudza mbali imene imamuuza munthu kuti idya kapena wakhuta, ndiye umamva ngati wadya pomwe m'mimba muli mbee. Amathamangitsanso mtima, thupi limawotcha chakudya mofulumirako pang'ono olo utangokhala. Kuwonjezera apo utsi umafooketsa lilime ndi mphuno, ndiwo zonse zimangomveka chimodzimodzi, chambo ndi bonya osasiyana kwenikweni, ndiye udya zambiri bwanji chinthu chosakoma. N'chifukwa chake mukayeza gulu la osuta ndi gulu la osasuta pa sikelo, osuta amapepukirako ndi makilo ochepa. Ine ndikusuta tiyi wammawa sindimamudziwa, ndudu ziwiri ndi madzi basi mpaka 2 koloko.

Koma sikelo imangokuuza kulemera, siikuuza kuti kulemerako kwakhala pati. Tepi ndi imene imaulula. Azibambo osuta kwambiri ine ndimawadziwa asanatulutse n'komwe machesi. Khosi la shati laling'ono, mikono yopyapyala, ntchafu ngati za mwana wa sukulu, kumbuyo kuli phwa moti buluku limangolendewera ngati lapachikidwa pa chingwe, koma mukafika patsogolo mupeza kamimba kozungulira kolimba ngati kadzungu. Suti ya munthu wotere imavuta kusoka kuposa ya munthu wonenepa thupi lonse, jekete ikakwana m'mapewa batani silitseka, batani likatseka mapewa akugwa. Mwini wake amadziona ngati ndi wowonda, amati ine mafuta ndilibe, pomwe tepi yanga ikuwerenga mainchesi 38 pa mchombo.

Kale ndinkaganiza kuti ndi mowa wokha umene umapanga zimenezi, ndipo zoona mowa umathandizira poti ndudu ndi botolo ndi mapasa. Koma nditayamba kuwerenga ndi kufunsa azachipatala amene amandisokesa mayunifomu ndinamva kuti fodya payekha amasintha malo amene thupi limasunga mafuta. Amakweza homoni ina yotchedwa cortisol, yomweyo imene imakwera munthu akakhala ndi sitiresi, ndipo iyoyo imakankhira mafuta m'kati mwa mimba, kuzungulira matumbo ndi chiwindi, osati pansi pa khungu pamene ungatsine ndi zala. Kwa azimayi fodya amasokonezanso mahomoni achizimayi amene amapangitsa kuti mafuta azikhala m'mahipi ndi m'ntchafu, ndiye mmalo mwa shepu imene mtsikana akuifunayo, chiuno chaching'ono mahipi otambalala, chimachitika ndi chosemphana, mahipi amaphwa mimba n'kumatuluka. Uyu mwana wa mchemwali wangayu akufuna kugula chinthu chimene chidzamulande ndendende chomwe akuchisakacho.

Ndipo mafuta a m'kati mwa mimbawa ndi amene ali oipa kwambiri. Amapangitsa kuti thupi lisamamvere insulini, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi, shugayo n'kumangokhala m'magazimo. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America, Surgeon General, la chaka cha 2014 linanena kuti osuta ali ndi chiopsezo cha matenda a shuga chokwera ndi 30 mpaka 40 peresenti kuposa osasuta. Kwathu kuno timati shuga ndi BP ndi matenda a mabwana onenepa, ndiye munthu wowonda wosuta sapita n'kukayezetsa komwe, amadzazindikira chilonda cha kuphazi chikukana kupola kapena mbali imodzi itafa kale. China chimene anthu sadziwa, amene amasuta kwambiri, paketi kapena kuposa pa tsiku, nthawi zambiri amakhala olemera kuposa amene amasuta pang'ono, poti munthu wotere sathamanga, sakwera phiri, mpira anasiya kalekale, akangoyenda pang'ono wefuwefu.

Ife a Malawi nkhani ya thupi imatisokoneza mbali ziwiri. Akuluakulufe tinakula tikudziwa kuti mimba ndi ubwana, munthu akanenepa timati zikukuyenderanitu, akaonda anthu amayamba kunong'onezana kuti kodi awowa ali bwinobwino, makamaka zaka zija matenda aja anavuta. Pomwe ana athu akukula ndi TikTok ndi Instagram kumene aliyense ali ndi chiuno ngati mavu. Ndiye bambo wosuta akaona kamimba kake amasangalala kuti ndayamba kudya bwino, mwana wake wamkazi akuyamba kusuta kuti asakhale ndi mimba, fodya yemweyo akuwapusitsa onse awiri m'nyumba imodzi.

Bodza limeneli si la lero ndipo silinayambire ku hositelo. Cha m'ma 1928 ndi 1929 kampani ya American Tobacco inkatsatsa ndudu za Lucky Strike powauza azimayi a ku America kuti akalakalaka switi atenge ndudu mmalo mwake kuti asanenepe, ndipo malonda anakwera kwambiri. Mu 1968 Philip Morris inatulutsa Virginia Slims, ndudu zazitali zopyapyala zopangira azimayi, dzina lenilenilo likunena za kuwonda. Zaka pafupifupi 100 zapita nyambo ndi yomweyo, yangosintha njira, pano ikubwera pa foni, ena akuisuta mu shisha ku malo achisangalalo n'kumati iyi ndi ya zipatso siipweteka, pomwe nikotini ndi yemweyo.

Ndisanamveke molakwika, sindikulimbana ndi alimi. Bambo anga ankalima burley ku Kasungu ndipo fizi yanga inachokera m'mabelo amene ankapita ku okushoni. Ndikudziwa kuti msika ukatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu dziko lonse limapumirako, ndipo olo Malawi analowa mu pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, fodya tikulimabe. Imeneyo ndi nkhani ina ya tsiku lina. Koma bambo angawo, munthu wogwira fodya moyo wake wonse, sanaikepo ndudu pakamwa, ankati uyu ndi wogulitsa osati wodya. Wopusa ndinali ine amene ndinakayambira m'tauni.

Tsopano pa nkhani yosiya, apa ndi pamene ambiri amagwera. Ine nditasiya mu 2016 ndinanenepa, sindibisa. Patangotha masiku ochepa mphuno inatseguka, ndinamva fungo la anyezi akukazingidwa nyumba yachitatu uko, nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera zinakoma ngati ndikuzilawa koyamba, mitanda iwiri inasanduka inayi. Ndiye dzanja linazolowera kupita kukamwa maminitsi 30 aliwonse, likasowa ndudu limafuna chilichonse, mandasi, zitumbuwa, switi, Sobo, ndipo ndalama imene ndinkagulira fodya ija inkathera pa chiwaya, chips ndi kanyenya madzulo aliwonse. Miyezi itatu ndinakwera makilo 6, mabuluku anga omwe ndinachita kuwamasula ndekha usiku kuti makasitomala asandiseke. Mayi a kunyumba ankangoti bola mimba kusiyana ndi chifuwa chija chimatidzutsa 4 koloko m'mawa.

Kenako ndinadzamva kuti sindinali ndekha. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya madokotala ya BMJ mu 2012 anapeza kuti munthu akasiya fodya amawonjezera makilo 4 kapena 5 pakutha pa chaka, ndipo ambiri mwa makilowo amabwera miyezi itatu yoyambirira, kenako zimayamba kudekha. Si onse ayi, ena amaposa makilo 10, ena amatsika kumene. Vuto ndi loti palibe amene amakuchenjeza, aliyense amangoti siya fodya siya fodya, ndiye munthu akaona lamba wasuntha mabowo awiri amachita mantha. Mlamu wanga anasiya miyezi inayi yathunthu, chifuwa chinatha, nkhope inawala, koma suti yake ya ku tchalitchi itakana kutseka anati fodya amandisunga bwino ine, anabwerera. Lero suti ikumukwana m'mapewa mokha, pamimba ikukanabe, ndipo akakwera masitepe a ku ofesi amaima kawiri. Anasinthanitsa mapapo ndi batani limodzi, batanilo osalipezanso.

Makilo asanu amenewo munthu ukhoza kuwagwetsa, ine mwa 6 anga aja ndinagwetsa anayi pasanathe chaka china. Sindinachite za dayeti za pa Facebook zija, ndinangosiya chiwaya kupatula Loweruka, pa mashini ndinaika botolo la madzi ndi nkhaka kapena chimanga chowotcha mmalo mwa mandasi, tiyi masupuni a shuga kuchoka anayi kufika awiri, ndipo ndikamapita kukagula ulusi ndi zipi m'tauni ndinayamba kuyenda wapansi mmalo mokwera minibasi, chinthu chimene ndikusuta sindikanakwanitsa. Chodabwitsa, ntchafu ndi mikono zinabwerera, tepi pa mchombo inatsika. Pa sikelo ndine wolemera kuposa mmene ndinalili ndikusuta koma buluku ndikuvala la chiuno chaching'ono kuposa nthawi ija.

Palinso kuonda kwina kumene fodya amabweretsa, kumene palibe mtsikana angakufune. Pitani kumudzi mukaone madala amene apichira chingambwe pa pepala zaka 40. Nthiti zikuwerengeka, khosi lili ndi maenje, chifuwa chatukumuka ngati mgolo poti mpweya umalowa koma kutuluka umakanika, munthu akudya nsima amachita kupumira pakati. Mapapo akawonongeka chonchi kupuma kokhako kumakhala ntchito ya kalavula gaga, thupi limadya minofu yake. Wosuta alinso pa chiopsezo cha TB pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo TB mukudziwa mmene imamutsirizira munthu. Mafupa amafooka, khungu limachita makwinya msanga, milomo kuda, mano kofiira. Mzimayi akasuta ali woyembekezera mwana amabadwa wopepuka, pafupifupi magalamu 200 kuchepera anzake, ndiye kuonda kuja wakupatsira ndi khanda losalakwa.

Owerenga amene mulibe sikelo musavutike, ndikupatseni njira ya chitelala imene azaumoyo nawonso amavomereza. Tengani chingwe, yezani kutalika kwanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, dulani, pindani pakati, ndiye muzungulize pamimba cha pa mchombo osakoka mpweya ayi, tikudziwana. Chingwe chikakana kukumana ndiye kuti chiuno chaposa theka la msinkhu wanu, mafuta a m'kati aja alipo olo miyendo ikhale ngati ya kakowa. Amene muli ndi tepi, bambo akadutsa masentimita 94, amene ndi mainchesi 37, kapena mayi akadutsa 80, ndi nthawi yokayezetsa shuga ndi BP.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, pa 31 May pamene dziko lonse limakumbukira zoipa za fodya, musamangotisindikizira chithunzi cha mapapo akuda chija, mwana wa zaka 20 saopa khansa ya zaka 60, amaopa diresi ya mwezi wamawa. Pezani dokotala afotokoze mu Chichewa za mimba ndi mahipi, ndipo azachipatala akamauza munthu kuti asiye amuuziretu kuti unenepako pang'ono, usadabwe, zidzadekha.

Diresi ija ndasoka pa muyezo wake weniweni, mainchesi awiri aja sindinachotse, ndasiyanso inchi imodzi m'kati mwa msoko mwina n'kudzafuna kumasula. Wakwiya, akuti amalume ndinu achikale, mameseji anga pa WhatsApp akungowerenga osayankha, koma mayi ake ndawauza zonse. Mlamu wanga naye ndamuuza kuti tsiku limene adzataye paketi abweretse suti ija, ndidzaimasula ulere, ndi ya chiwiri yomwe.

Ine wanu,
Telala wa pa khonde,
Ndirande, Blantyre