Kalata yochokera ku Liège

Mnzanga,

Kalata yako ndalandira. Ati ukusirira chipale chofewa cha pachithunzi chija, watopa ndi matope a ku Dedza? Iwe amene Juni akangolowa umagona chokumbatira mbaula? Ndakuseka kwambiri. Zoti mlamu wako wakwatiranso ndazimva, tikambirana bwino.

Loweruka akutchalitchi anatitengera ku Bastogne, katauni ka kum'mwera kwa Belgium kuno, pafupi ndi malire a Luxembourg. Ine ndimayesa tikukangoona chipilala cha Mardasson, chokumbukira asilikali a ku America a pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kubwerako. Koma anatilowetsanso m'nkhalango ya Bois Jacques, momwe maenje amene asilikali a ku America ankabisalamo akadalipo mpaka lero. Ajeremani anayamba kuukira pa 16 Disembala 1944, patangopita masiku ochepa tauni yonse anaizinga, mpaka akasinja a Patton, mkulu wa asilikali a ku America, anaboola pa 26. Anyamata a 101st Airborne, gulu la asilikali a ku America, anathamangitsidwira kumeneko pamalole, ambiri opanda zovala za chisanu. Moto usiku sankakoleza, kuopa kuonedwa ndi adani. Nsapato zikanyowa zinkaumira kumapazi komweko, mapazi n'kutupa, n'kuda, ena mpaka kudulidwa zala. Ankakulunga mapazi ndi ziguduli, ndipo nsalu zoyera zoyala pabedi ankapempha kwa anthu a m'midzi kuti asamaonekere pachipalepo.

Chibwerereni kumeneko ine ndi mapazi anga sitikumvana. Usiku uliwonse ndikumaziwerenga zala, kuzitsina, kuona ngati sizinasinthe mtundu. Hita ya m'chipinda changa idafa, mwini nyumba akungoti mawa, mawa. Masokosi ndikuvala ophatikiza mpaka nsapato za kuntchito sizikulowanso. Ndikadzatsika ndege pa Kamuzu ndi zala zoperewera usadzaseke, ndipo amayi usawauze, angayambe kusala kudya.

Koma zimene zandikhala pamtima si za asilikali ayi. Eni tauni anathawira m'zipinda zapansi pa nyumba, agogo ndi makanda omwe, mumdima, kumangomva mabomba pamwamba. Ku Houffalize, pafupi pomwepo, ndege zimene zinaphwasula tauni ndi kupha anthu wamba pafupifupi 200 zinali za omwe ankabwera kudzawapulumutsa. Ukamudandaulira ndani pamenepo?

Ndiye pali namwino mnzathu, Augusta Chiwy, bambo ake Mbelgium, mayi ake a kwathu ku Africa konkuno... ndati konkuno, ona mutu wasokonekera, kwanu uko. Anangobwera kwawo kudzadya Khirisimasi, nkhondo n'kumupeza. Iye ndi namwino mnzake Renée Lemaire anadzipereka kuthandiza dokotala wa asilikali, mankhwala atatsala pang'ono kutheratu. Usiku wa pa 24 Disembala bomba linagwera nyumba imene munali ovulala. Renée anafera pomwepo limodzi ndi odwala pafupifupi 30, Augusta anapulumuka n'kupitiriza ntchito. Ndipo ena mwa ovulalawo ankakana kugwiridwa ndi namwino wakuda! Munthu magazi ali chuchuchu koma akusankha dzanja. Iwe ukudziwa zimene ndinakuuza za agogo ena a kuwodi kwathu, sindibwereza. Mendulo yochokera kwa mfumu ya Belgium anadzampatsa mu 2011, ali ndi zaka 90. Anamwalira mu 2015. Zinandiwawa kuti dzina lake ndalimva koyamba nditaima pa tauni yakeyo, chonsecho tonsefe tinadutsa sukulu ya unamwino.

Ufa umene unatumiza kudzera mwa mwana wa abusa uja sunafikebe. Akuti uli ku Brussels, koma foni sakuyankha, ndiye ndikukayika ngati sanaudye yekha. Feteleza munathira kale? Achimwene ako uwauze kuti ndalama ija sindinaiwale, asamandizembe pa WhatsApp.

Za mlamu wakoyo ndimafuna ndikufunse ngati mkaziyo ndi yemwe uja wa pamsika, amene tinkati, koma pepala latha ndipo mawa ndikulowa m'mamawa

Ndine mnzako wozizidwa