Mapulodyusa athu, mita ikafiira nyimbo yawonongeka

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu chifukwa zimene zatichitikira ife a kwaya ya achinyamata kuno ku Mtendere zandisowetsa tulo. Miyezi inayi takhala tikusonkha, ena ma K20 ena ma K50, amayi ena mpaka kugulitsa vitumbuwa pageti la tchalitchi, kuti tikajambulitse nyimbo zitatu pa kasitudiyo kena ka mukomboni. Dzina sinditchula, mwini wake akudzidziwa. Loweruka lapitali tinatenga nyimbo zija pa fulashi n'kuziika pa masipika a kutchalitchi makolo atadzaza. Masoprano atangokwera pa kolasi mawu anayamba kuthetheka ngati munthu akung'amba chitenje, ng'oma kumveka ngati chidebe chobooka. Agogo ena anatseka makutu ndi manja. Mtsikana amene anatsogolera nyimboyo, mwana woti amaimba mpaka thupi kuchita tsembwe, anatuluka panja akulira poganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo.

Tinayamba taganizira masipika athu. Tinayesa pafoni, tinayesa m'galimoto ya abusa, chimodzimodzi.

Lolemba ndinabwererako ndikumuuza mnyamata wa kasitudiyo kaja kuti atsegule pulojekiti yake mu FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo, ndione. A Mkonzi, mita ya master, yoonetsa kukwera kwa mawu onse akaphatikizana, inali yofiira psuu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osatsikako olo kamodzi, ndipo chithunzi cha mawu chija m'malo mokhala ndi mapiri ndi zigwa chinali chidina chimodzi ngati buloko ya simenti. Nditamufunsa anandiyankha mosachita manyazi kuti nyimbo ikapanda kufiira siimveka pa wailesi, eti anthu amafuna zolira. Munthu wotenga ndalama za anthu n'kumayankha choncho? Anamuphunzitsa ndani zimenezi?

Ine ndagwira mikisa ya kutchalitchi zaka 9 ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti mu dijito muli denga, amalitchula kuti 0 dBFS. Mawu akagunda dengalo kompyuta imangodula nsonga zake, ndiye kuthetheka tinamva kuja, komwe amati clipping. Choipa kwambiri n'chakuti iye anapotokola gain, kabatani kokwezera mawu olowa pa interface (kabokosi kolumikizira maiki ku kompyuta), mpaka kumapeto tsiku lojambula lomwe lija, ndiye mawu a ana athu analowa mu kompyuta atadukaduka kale. Ungatsitse fader ya voliyumu bwanji pambuyo pake sizitheka, madzi akatayika saoleka. Komatu panalibe chifukwa chilichonse chokankhira choncho. Ukamajambula pa 24-bit uli ndi malo okwana pafupifupi 144 dB pansi pa denga lija (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), bwalo lalikulu zedi, woimba akhoza kumayenda cha m'ma -18 dBFS, pamene wakuwa kwambiri n'kufika mwina -10 kapena -6, ndipo sumva phokoso la makina ngakhale pang'ono. Umamuuza woimba ayambe waimba pamene pali pokwera kwambiri, iwe n'kuika gain potengera pamenepo, basi. Ntchito ya mphindi ziwiri. Nanga kwaya ya anthu 22, kuphatikiza kiyibodi, besi ndi ng'oma, thiraki iliyonse ili kale kudenga, zikakumana pa master ukuyembekeza chiyani? Iye mankhwala ake anali kuunjika limiter, chipangizo chopanikiza mawu kuti asapitirire denga, pamwamba pa limiter inzake, kufinya nyimbo mpaka pamene ana akunong'ona pemphero ndi pamene akufuula aleluya zikulira mofanana.

Ndipo nkhani yoti kukweza kumathandiza kuti nyimbo ipose za ena inatha kale. Spotify imayeza kukwera kwa nyimbo ndi muyeso wotchedwa LUFS n'kuzibweretsa zonse cha pa -14, YouTube nayo imatsitsa zimene zapitirira pamenepo, Apple Music ili cha pa -16. Nditafika kunyumba ndinayeza nyimbo yathu ndi Youlean Loudness Meter, yomwe aliyense akhoza kuitenga ulere pa intaneti, inandionetsa -6 LUFS. Ndiye kuti tikaiika pa Spotify aitsitsa ndi 8 dB yonse, ikhala mulingo umodzi ndi nyimbo za ena zojambulidwa mwaukhondo, koma yathu yokha ndiyo izithetheka. Wapindula chiyani pamenepa? A Spotify omwewo amalangiza kusiya true peak, nsonga yapamwamba kwambiri ya mawu, pa -1 dB chifukwa nyimbo ikamasinthidwa kukhala fayilo yaing'ono nsonga zija zimakwerako, koma mnyamata wathuyu mawu oti true peak anali kuwamva koyamba kwa ine.

Ndikudziwa chimene chimawanamiza. Khutu la munthu likamva chinthu chokwera limaganiza kuti chakoma, besi imamveka yonenepa, zam'mwamba zimawala, ndipo zimenezi akatswiri awiri Fletcher ndi Munson anaziyeza kale mu 1933. N'chifukwa chake munthu wodziwa ntchito akaika pulagini, kapulogalamu kokonzera mawu, amafananitsa voliyumu kaye asananene kuti yakometsa. Koma anyamata athu amakhala mu kachipinda kopanda windo, makatoni a mazira kukhoma, masipika ali pamapeto kuyambira m'mawa mpaka usiku, pofika madzulo makutu atopa sakumvanso kanthu ndiye amangowonjezera.

Vutoli latizungulira ponseponse mu Lusaka muno. Kwerani minibasi pa Kulima Tower mumve mmene sipika ya pansi pa mpando imakugwedezerani m'mimba, khanda lili pamiyendo pa mayi ake, ukapempha kuti atsitseko kondakitala amakuyang'ana ngati watukwana. Mabala a m'makomboni, ma kitchen party, ngakhale matchalitchi athu omwe, ndipo pamenepa tisanamizane, ena timakweza mpaka maiki kulira tswii pakati pa ulaliki. Azaumoyo amanena kuti kukhala m'phokoso lopitirira 85 dB kwa maola 8 tsiku ndi tsiku kumawononga makutu ndipo akawonongeka sabwerera. Tikulera m'badwo umene uzidzati "mwati bwanji?" usanafike zaka 40. Pa TV napo uli phee kuonera nyuzi, ikangobwera adivati mpaka kudumpha kusaka rimoti. Ku Ulaya anakhala pansi mu 2010 n'kugwirizana muyeso wa EBU R128 kuti mapulogalamu onse azikhala pa -23 LUFS, ndipo nkhani yothamangira rimoti inachepa.

Ndiye ndikupempha a Independent Broadcasting Authority (IBA), poti ndinu oyang'anira mawailesi ndi ma TV, tiikireni muyeso umodzi wa kakwezedwe ka mawu kuti mapulodyusa asiye kunamizira wailesi. A National Arts Council ndi a Zambia Association of Musicians, gwirizanani ndi aphunzitsi a nyimbo a pa Evelyn Hone College muchititse ka maphunziro olo ka Loweruka limodzi ku Matero, ku Chawama, ku Kanyama, anyamatawa aphunzire kuwerenga mita. Luso ali nalo, ma beat amapanga abwino, chowaonetsa ndicho chikusowa.

Koma iwe mphwanga wa kasitudiyo kaja, Loweruka likubwerali 9 koloko tikubwera tonse 22 kudzajambulanso nyimbo zitatu zija, sitilipiranso ngwee, ndipo pa gain ndidzakhalapo ndine.

Wosamalira mikisa,
Mtendere, Lusaka